Laimu pa Bimu ya Achimwene

Pa esiteti yathu chinthu chikanyansa sitifunsa zambiri, timachipaka laimu. Ikangomveka mbiri yoti mabwana akuluakulu akubwera, miyala ya m'mbali mwa msewu imayera, mitengo ya bulugamu imavala masokosi, ngakhale chimbudzi cha kukompaundi chimene chapendekeka chaka chonse chimawala ngati mkwatibwi. Ine Anesi ndanyamula ndowa ya laimu zaka zoposa makumi atatu, pamwamba pa ntchito yanga ya m'fakitale ya tiyi, moti kuchokera pageti mpaka kuofesi palibe mwala umene sitidziwana nawo. Ndayamba ndi zimenezi kuti mukamandiweruza mundiweruze mwachifundo.

Munali mu Okutobala, chaka cha 2006, tiyi atachepa m'minda, fumbi lili koboo.

Achimwene anga, a Malizani, anali mmisiri womanga pa esiteti pomwepa mpaka mawondo atawakana. Ndi iwo amene anathira konkire wa nyumba yofotetsera masamba, imene ife timangoti kulofiti. Nyumbayo ndi yosanja. M'mwamba mumayalidwa masamba othyoledwa kumene kuti afote, pansi pamadutsa anthu ndi matumba tsiku lonse. Chimene chimasenza m'mwambamo ndi mitanda ya konkire yokhala ndi zitsulo m'kati mwake, amisiri amati mabimu. Yapakati, yaitali kuposa zonse, aliyense ankaitcha bimu ya a Malizani. Mlendo akafika kwathu, madzi akumwa ankabwera pambuyo, choyamba achimwene ankapita naye kukaona bimu. Tsiku lina anaitchula ngakhale pamaliro, polankhula m'malo mwa banja, ine nkuchita kubisa nkhope m'chitenje, anthu nkumati ndikulira.

Ndiye bimu ija inang'aluka. Ming'alu yake inali yopyapyala ngati tsitsi, kunsi kwake, koma manejala ataiona anatseka lofiti, nkuimika mizati yachitsulo yochirikiza, nkuitanitsa kampani ya mainjiniya ya ku Blantyre. Kampaniyo inatumiza injiniya wake. Injiniyayo anali Tisungeni, mwana wa a Malizani omwewo, amene ndinamulera ine mayi ake atatisiya.

Mwanayo anayeza, anagogoda, analemba lipoti. Kalaliki wa kuofesi anangoona mawu akuti bimu yafooka, ndipo tiyi wake asanazizire nkhani inali itafika kale kumsika ku Makwasa, kuti mwana wa a Malizani walemba kuti bambo ake anamanga zachinyengo. Kuyambira tsiku limenelo achimwene anatseka pakamwa. Tisungeni akawapatsa moni, iwo ankatembenuka nkuyamba kucheza ndi nkhuku. Atabweranso kudzakonza bimuyo anafikira kwa ine, atapatsidwa masabata awiri okha. Mitu iwiri imeneyi ndimaidziwa, inaumbidwa ndi dothi limodzi. Ndinadziwa kuti mwanayo akakwera minibasi yobwerera asanalankhulane, adzalankhulana wina ali m'bokosi.

Tsiku lofika, dzuwa litapendeka, Tisungeni anatsitsa mpukutu wa nsalu yakuda pakhonde panga. Inali yonyezimira, yopepuka, kukhuthala kwake kosasiyana kwenikweni ndi chitenje.

"Yabwino," ndinatero ndikuipapasa. "Undidulireko mamita awiri ndikasoketse siketi. Abusa aone kuti nanenso ndili ndi mwana ku Blantyre."

"Azakhali, siketi imeneyo ikhoza kukoka thirakitala."

"Ndiye yandiyenera. Koma zoona, Tisu, nyumba yonse ija ukufuna uimange bandeji?"

Anaseka, nkulowa m'nyumba, nkutuluka ndi sopo wanga wochapira, wamtali uja, ndisanamudule. Anamugoneka pa makapu awiri, kapu uku kapu uko, nkuyamba kukanikiza pakati ndi chala.

"Yang'anani kunsi," anatero.

Ndinawerama. Pamwamba sopo anali bwinobwino, koma kunsi anayamba kuyasama.

"Iwe, sopo wanga!"

"Ndikugulirani wina. Mwaona? Katundu akalemera, bimu imapindika pang'ono. Pamwamba pamapanikizika, ndipo konkire zimenezo sadandaula nazo. Kunsi kumakokeka, ndiye konkire kukokedwa sakufuna. N'chifukwa chake amaikamo zitsulo kunsiko, kuti zizikoka m'malo mwake. Pano zitsulo zimene zilimo sizikukwananso. Nsalu iyi ulusi wake ndi wa kaboni, wonse wayang'ana mbali imodzi. Tikaimata kunsi kwa bimu ndi guluu wake, ulusi utatsata kutalika kwa bimuyo, izikoka limodzi ndi zitsulo."

"Zitsulo sizikukwana bwanji? Bambo ako anazembetsako zina?"

"Ayi. Nthawi yawo m'mwamba munali mashelefu a matabwa ndi ziguduli. Pano aikamo mabokosi achitsulo ndi mafani akuluakulu aja. Bimu ikusenza katundu amene sinalonjeze."

"Unawauza zimenezo?"

"Zili mu lipoti. Tsamba lachinayi."

"Mwana iwe, sukulu yonseyi! Pa esiteti ino munthu wofika tsamba lachinayi unamuonapo?"

Anangokhala akusisita sopo uja ndi chala ngati mng'aluwo ungatsekeke.

Masiku otsatirawo amisiri atatu amene anabwera nawo anakhalira pansanja, akupala kunsi kwa bimu ndi makina. Fumbi lake linkawasandutsa mizukwa. Anachotsa laimu wakale yense, wambiri mwa iye wopaka ine ndemwe, mpaka timiyala ta m'konkire titaonekera. Ine sindinadabwe nazo. Nafenso timayamba tapala wakale tisanapake watsopano, ndiye ndinangoti anthu a ku Blantyre amadziwa ukhondo. Atamaliza, Tisungeni anakwera ndi cholembera chofiira, nkutsata mng'alu uliwonse kuyambira pomwe wayambira mpaka pomwe wathera, nkuupatsa nambala yake. Pofika Lachisanu bimu ija inkaoneka ngati msana wa munthu wokwapulidwa.

Tsiku la Sabata tikuchokera kutchalitchi, anthu anakhotera kufakitale ngati kwatsegulidwa sitolo. Mnzanga Teleza, amene tinalembedwa ntchito tsiku limodzi, anasuzumira pawindo nkugwira pakamwa.

"Anesi, tinkadutsa pansi pa zimenezi? Ana athu akanasanduka amasiye chifukwa cha achimwene akowa."

"Iwe ukanapulumuka," ndinamuyankha. "Nthawi ya ntchito umakhala kuchimbudzi."

Anthu anaseka, nanenso ndinaseka.

Ndinapitirira mpaka kwa achimwene. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mapeyala, jekete la kutchalitchi asanavule.

"Achimwene, akuti mukuopa nsalu."

"Akutero ndani?"

"Anthu. Akuti a Malizani njira ya kufakitale anaisiya, kuli chitenje cholusa."

Palibe amene ananena zimenezo, ndinazipeka ndili panjira. Achimwene akakwiya Chichewa chimawathera, ndiye anayamba m'Chilomwe, mawu oti sindingalembe pano, pa Sabata penipeni. Atapuma anati, "Lolemba m'mawa ndipita. Ndikaone ndi maso anga mmene amavekera nyumba thewera. Ndikaseke, ndibwereko."

Ndinanyamuka ndikuvina mumtima. Bola afike pamalo amodzi, ndinatero, zinazo zidzipanga zokha. Koma ndisanafike pa mlatho ndinakumbukira mizere yofiira ija. Munthu amene amavula chipewa podutsa pansi pa bimu yake, akaipeze ili maliseche, chilema chilichonse chitazunguliridwa ndi inki, ndi dzanja la mwana wake? Ndinaona kale mmene zithere. Ayang'ana kamodzi, atembenuka, basi. Ndipo ndikhala ndawakokera ndine.

Kwa ife a Sabata, Lamulungu ndi tsiku la ntchito ngati lina lililonse. Amisiri aja anali atapita kumapemphero kwawo. Tisungeni anali atalawirira ku Limbe kukabweza makina opalira, amene anali obwereka, ndi kukatenga zitini za guluu. Ine ndinatenga ndowa yanga ndi burashi. Laimu sanali wosowa, kuseri kwa sitolo ya esiteti kunali thumba lotsegula kale.

Pageti panali a Jonas, mlonda amene wakhala akundifunsira mwanthabwala kuyambira ndili ndi mano onse.

"Mayi Anesi, kulofiti ndi kotseka. Injiniya wanena kuti asalowe munthu."

"Injiniyayo ndinkamusambitsa ine m'beseni. Mawa kukubwera alendo, mukufuna aone zauve?"

Mawu akuti alendo pa esiteti ino amatsegula chitseko chilichonse. A Jonas sanafunse kuti alendo ake ati. Anatsegula, nkundigwiriranso makwerero, maso atayang'ana kumbali monga munthu woleredwa bwino.

Laimu ndinamusakaniza mwaluso, ndisaname. Ndinathiramo mchere wodzaza manja awiri kuti agwire zolimba, asamayoyoke. Konkire wopalidwa uja anali ndi ludzu, ankamwa ngati mlendo wochokera kutali, moti ndinapaka kawiri. Ndili pamwambapo mutu unkagunda bimu, ndipo kanali koyamba kuiona pafupi chonchi popanda chophimba. Munali mizere ya matabwa amene achimwene anaumbira konkireyo, mfundo za mtengo zikuoneka ngati zala. Ndinaganiza za iwo ali mnyamata, akubwera kunyumba simenti itawadya m'manja, mayi akuwapaka mafuta ophikira. Ndinapaka pang'onopang'ono ngati ndikusambitsa wodwala. Pomaliza panalibe mzere wofiira ngakhale umodzi. Bimu inali mbee.

"Ntchito ya manja anu, mayi," anatero a Jonas. "Injiniya akuthokozani."

Lolemba ndinavala chitenje chatsopano nkutsagana ndi Tisungeni. Ankafuna ayambe kusanatenthe, chifukwa guluuyo amabwera m'zitini ziwiri, ndipo ukangosakaniza sadikira munthu, ola lisanathe amakhala atauma, kukatentha ndiye msangamsanga. Amisiri anali atafika kale. Anaima pakhomo atatu onse, osalowa.

Tisungeni anawadutsa, nkuyang'ana m'mwamba. Chitini chimene ananyamula anachiika pansi mwaulemu kwambiri.

"Wachita izi ndani?"

Ndinatsokomola. "Yaoneka bwino, eti?"

"Azakhali."

"Ndinathiramo ndi mchere womwe. Sachoka ameneyo."

Anakhala pansi pa thumba, nkuphimba nkhope ndi manja. Ndinayembekezera kuti akalipa, ndipo mayankho ndinali nditakonza kale atatu. Koma analankhula motsitsa, ndipo zimenezo ndi zomwe zinandiwawa.

"Masiku asanu takhala tikuchotsa chinthu chimenechi. Guluu amayenera kugwira konkire weniweni. Akagwira laimu, ndiye kuti nsalu yamatidwa pa ufa. Tsiku limene bimu idzafune thandizo, nsalu idzangosendeka ngati khungu la nthochi, anthu ali pansi. Mwanyowetsanso konkire, ndipo mcherewo zitsulo sizigwirizana nawo. Makina ndabweza dzulo, apita kuntchito ina. Mvula ikayamba masamba achuluka, manejala sadikira, aitana ena adzagwetse bimu yonse." Anandiyang'ana. "Chifukwa chiyani, azakhali?"

Ndisanatsegule pakamwa, ndodo inagogoda pakhomo. Achimwene anali atafika, atavala ovolosi yawo yakale yotsukidwa, ngati munthu wopita kukhoti. Anayang'ana bimu nthawi yaitali. Mwana wawo sanamuyang'ane.

"Anesi," anatero, "ufunse injiniya wakoyo. Ku Blantyre amaphunzitsa kumata zinthu pamwamba pa laimu? Ngakhale pulasitala wamba sagwira pamenepo. Mwana wa sitandade wani amadziwa."

Tisungeni anaimirira. "Azakhali, muwauze kuti injiniya sanapake laimu."

Ndinayang'ana uku, ndinayang'ana uko. Anthu awiri otalikirana mapazi atatu, onse akuyang'ana ine ngati ndine positi ofesi.

"Wapaka ndine," ndinatero.

"Iwe?"

"Panali mizere yofiira, achimwene. Paliponse pong'aluka. Sindinafune muione."

Mmodzi wa amisiri aja anayamba kuwerenga zolemba za pachitini mwachidwi chachikulu. Nkhope ya achimwene inasintha kawiri katatu, kenaka Chilomwe chinabwera, chonse pa ine. Anati ndinabadwa ndi ndowa m'manja, anati tsiku lina ndidzapaka laimu munthu wodwala chikuku nkumati wachira. Ndinaweramitsa mutu ngati wolapa, koma mumtima ndinaona kuti aka n'koyamba m'miyezi iwiri kuti iwo ndi mwana wawo akwiyire chinthu chimodzi.

Atatopa anati, "Muuze kuti ndikatenga hamala ndi tchizulo. Tisema bimu yonse, pofika mawa laimu kulibe."

"Muwauze kuti tchizulo ayi," anatero Tisungeni. "Si pulasitala uyu. Nsalu imafuna pamalo pokhakhala pang'ono koma posalaza, popanda maenje. Pakakhala dzenje pamatsala mpweya, pamenepo siigwira."

"Muuze kuti ndinayamba kusema konkire iye asanabadwe."

"Muwauze kuti ndikudziwa. Koma tchizulo ayi."

Ndinati, "Inu anthu, ine ndilandira malipiro a ndani?"

Palibe anaseka. Achimwene anatuluka, ndodo ikugogoda, ndipo ndinati basi, ndawononga zonse. Tisungeni anayamba kuuza amisiri ake zoti apite ku Luchenza akafunefune maburashi a waya. Koma patapita ola limodzi ndodo ija inamvekanso. Anabwera ndi thumba lawo lakale la zida, nkukhuthula pansi. Munali maburashi a waya awiri ndi miyala itatu yakuda yokhakhala, imene ankakwechera konkire kale makina asanabwere. Tchizulo munalibe.

"Muuze aone ngati iyi ikumukwanira."

Tisungeni anatola mwala umodzi, nkukwera, nkukwecha pang'ono, nkupapasa ndi chikhatho. "Muwauze kuti ikukwanira. Koma zitenga masiku atatu, ndipo pafunika kupalako ndithu, mpaka mchere utachoka."

"Muuze awiri."

Mawondo amene anawakana ntchito aja anakwera nsanja tsiku limenelo. Amisiri anachita kuwakankha kumbuyo ngati thumba la chimanga, koma anafika. Ine anandilamula onse awiri, aliyense payekha, kuti phazi langa lisakhudze makwerero. Ntchito yanga inali yosesa fumbi pansi ndi kunyamula mauthenga. Tisungeni anapempha manejala kuti ayatse fani imodzi kuti mphepo iumitse konkire, ndipo mkokomo wake unachititsa kuti mauthenga ndizichita kukuwa.

Ndikusesa choncho ndinkaganiza. Zaka zonsezi ndinkati laimu ndi ulemu. Chinthu chikakalamba umachiphimba kuti chisachite manyazi pamaso pa anthu, monga umafunditsira mayi wokalamba akagona poyera. Sindinaganizepo kuti pali thandizo lina limene silingafike pa chinthu chophimbidwa. Ndipo sindikunama, mpaka lero mbali ina ya mtima wanga imati ndinachita bwino. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri si bimu, sungamupale ndi makina.

Laimu akuchoka, ming'alu inayamba kubwerera umodziumodzi. Inki ina inali italowa m'kati, moti mizere yofiira inkatuluka yozilala pansi pa mwala wa achimwene omwe. Ndinkawaona akuima, nkutsata mng'alu ndi chikhadabo mpaka kumapeto, nkupitiriza kukwecha. Masana a tsiku loyamba anasowa kwa kanthawi. Ndinawapeza m'mwamba mwa lofiti, ataima pakati pa mabokosi achitsulo aja, akuyesa kunyamula ngodya ya limodzi. Silinasunthe.

"Anaika liti zimenezi?" anandifunsa.

"Inu mutapuma ntchito. Zaka zisanu zapitazo."

"Anafunsa ndani?"

"Akanafunsa ine ndikanati azipake laimu."

Sanaseke, koma sanandikalipirenso. Anatsika mwakachetechete.

Tsiku lachiwiri, chakumasana, bimu inali itabwerera umaliseche wake. Tisungeni ankayenda pansanja ndi cholembera chake, akubwezera manambala. Amisiri anali atapita kukadya. Ine ndinali pansi ndi tsache, ndipo ndinaona achimwene atakhala kumapeto kwenikweni kwa bimu, pamene imalowa mu chipilala, mbali yoyang'ana kukhoma kumene kuwala sikufika bwino. Anakhala pamenepo nthawi yaitali osakwecha. Mwala unali pamwendo.

Ndinakonzeka kulandira uthenga. Koma sanaitane ine.

"Tisu."

Cholembera chinaima. Mwanayo sanatembenuke msanga, ngati akuopa kuti akatembenuka mawuwo athawa.

"Ababa?"

"Nsalu yakoyo ithera pati?"

"Pafupi ndi pamene mwakhalapo. Kumapetoko timakulunganso ina mopingasa, kukwera m'mbali zonse ziwiri, chifukwa ikafuna kusendeka imayambira kumapeto."

"Bwera ndi hamala yaing'onoyo."

Mwanayo anayenda chokwawa mpaka pamene bambo ake anali. Achimwene anatenga hamala nkugogoda pakati pa bimu. Inalira ngo, ngo, mawu olimba. Anagogoda chapafupi, chimodzimodzi. Kenaka analowetsa dzanja kuseri kuja nkugogoda pamalo pamene anali ataphimba ndi bondo. Panalira pho, pho, ngati chikho chopanda kanthu. Ngakhale ine ndili pansi ndinamva kusiyana kwake.

"Apa sindinapaone," anatero Tisungeni.

"Sukanapaona. Ndinapakonza kuti pasaoneke." Anapukuta pakamwa ndi mkono. "Tsiku lothira bimu iyi makina osakanizira anafa titatsala pang'ono kumaliza. Tinadikira maola atatu. Pomwe tinkapitiriza, konkire woyamba anali atayamba kugwira, ndipo kona iyi sitinaisinje bwino, tinkathamangira mvula. Titachotsa matabwa ndinapeza pali mabowo ngati chisa cha njuchi, chitsulo chikuoneka. Kapitawo wa nthawi imeneyo akanaona akanandichotsa ntchito, mayi ako ali ndi pakati pa mkulu wako. Ndinasakaniza simenti ndi mchenga wosefa, ndinamata, ndinadindapo thabwa kuti mizere ifanane ndi inzake. Palibe anadziwa. Ngakhale mlongo wangayu, amene amadziwa za aliyense."

Ndinasiya kusesa.

Ndiye ulendo wonse uja wopita ndi alendo kukaona bimu, ndinaganiza, kunali kunyada kokha, kapena ankapita kukaona ngati kona ija ikadali chigwirire? Sindinawafunse, ndipo sindidzawafunsa.

Tisungeni anagogoda yekha, mozungulira, akumvetsera pamene mawu akusinthira. Malowo anali aakulu ngati mbale ziwiri.

"Tikanamata pamenepa," anatero pang'onopang'ono, "nsalu yokulunga ija ikanagwira chigamba chanucho, osati bimu."

"N'chifukwa chake ndanena."

"Tiyenera kugumula chigambacho, titsuke chitsulo, tithire zina zolimba. Apa ndiye tchizulo ifunika."

"Ili kunyumba."

Anakhala moyandikana, miyendo ili lende pansanja. Kenaka mwanayo anati, "Ababa, ndiyenera kulemba zimenezi mu lipoti. Sindingasiye. Wina akadzabwera pambuyo panga ayenera kudziwa chimene chili m'katimu."

Ndinagwira tsache zolimba. Ndinaona kalaliki uja, ndinaona msika wa ku Makwasa, ndinaona pakamwa pa Teleza. Poyamba paja anthu ankanena bodza ndipo achimwene anatseka pakamwa miyezi iwiri. Nanga tsopano zikhala zoona?

Achimwene anatambasula dzanja, nkutenga cholembera chofiira chija m'manja mwa mwana wawo. Anachiyang'ana ngati chinthu chachilendo, nkuchotsa chivindikiro ndi mano. Anazunguliza mzere pamalo onse olira pho aja, mosamala, osasiyako ngakhale pang'ono.

"Ndikudziwa kuti ulemba," anatero. "Ndikanafuna zobisa ndikanauza azakhali akowa apakenso laimu. Nambala yake ikhala chiyani?"

"Twente-folo."

Analemba okha, manambala akuluakulu opendekeka.

Chigamba anagumula okha madzulo omwewo, Tisungeni atawagwirira tochi pakona pamdimapo. Zothira zatsopano zinafuna masiku ake kuti zigwire, ndiye mwanayo anakapempha manejala masiku ena anayi, ndipo atamuonetsa chisa cha njuchi chija sanakane. Ming'alu ina ija anaithira guluu wamadzimadzi ndi kapampu, umodziumodzi.

Nsalu anamata Lachiwiri la sabata yotsatira, m'mawa kusanatenthe. Mmisiri mmodzi ankasakaniza guluu, wina akuyang'ana wotchi. Anapaka kunsi kwa bimu, nkutambasula nsalu ija anthu anayi, kuyambira chipilala ichi mpaka icho, osalola kuti ikwinyike. Achimwene anapatsidwa karola kachitsulo kofinyira mpweya. Ndili pansi, kuseri kwa chingwe chimene anandimangira kuti ndisadutse, ndinkamva mawu awo pamwamba.

"Motsata ulusi, ababa, osati mopingasa."

"Ndamva."

"Mukupingasabe."

"Iwe, dzanja ili lili ndi zaka zake. Yang'ana kwako uko, pakona pako pakutukumuka."

"Pati?"

"Apo, pafupi ndi chala chako. Fulumira, guluu wako sadikira."

Anakangana choncho mpaka kumapeto kwa bimu. Palibe anati Anesi muuze. Ndinaima ndi tsache langa kwa kanthawi, kenaka ndinaona kuti palibe amene akundifuna, ndiye ndinapita kunyumba kukaphika.

Nkhani ya chigamba inafikadi kumsika, ndipo anthu analankhula sabata yathunthu. Achimwene sanasiye kupita kutchalitchi, ankangofika mochedwerapo nkukhala kumbuyo. Zinawawawa, ndinaona. Tsiku limene Tisungeni ankabwerera ku Blantyre, atagona kwa bambo ake, sanabwere kwanga m'mawa kudzatenga chikwama pa nthawi imene tinapangana. Ndinadikira mpaka tiyi anazizira, kenaka ndinanyamula chikwamacho pamutu nkupita kwa achimwene. Ndinawapeza awiriwo pansi pa mtengo wa mapeyala, lipoti lili pamwendo pa mwanayo, akuwawerengera mokweza, iwo akumuimitsa pamzere uliwonse kuti atsutse. Minibasi ya m'mawa inali itapita kale. Ndinatsitsa chikwama, ndinakhala pamphasa, ndinayamba kusenda mapeyala.